Dufie Abisa Gasiketi

Dufie ankakhala ku Offinso ndi amayi ake. Ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna kuti galimoto ya bambo ake isasinthe.

Galimotoyo inali pikiapu yoyera. Inali yakale. Bambo ake a Dufie anamwalira, koma galimoto inatsala. Amayi ankanyamulira matimati. Ankawagula kuminda. Ankakawagulitsa ku Kumasi.

Galimoto inkadontha oyilo. Oyiloyo anali wofiira. Ankadontha kuchokera mu sampu. Sampu ndi kabeseni kachitsulo ka kunsi kwa giyabokosi. Ndi mmene mumakhala oyilo.

Sampuyo inali ndi zigamba zambiri. Anaziwotcherera ndi bambo ake a Dufie. Dufie ankakwawira kunsi kwa galimoto. Ankaziyang'ana zigambazo. Ankazikhudza ndi chala.

Tsopano pakhomo panali bambo ena. Dzina lawo linali a Oteng. Anali amuna atsopano a amayi. Ankakonza magalimoto ku Suame, dera la amakaniko mumzinda wa Kumasi. Ankakhala pampando wa bambo ake a Dufie. Dufie sankawatchula bambo. Sankawatchula dzina lililonse. Amayi akamutuma kwa iwo, ankangoima patsogolo pawo mpaka amuone.

Tsiku lina m'mawa, a Oteng anatulutsa katoni.

"Dufie, bwera udzaone," anatero.

Mukatonimo munali sampu yatsopano. Inali yonyezimira. Inali yakuya. Kunsi kwake kunali mizeremizere.

"Iyi sanapange ndi a kampani yopanga galimotoyi," anatero a Oteng. "Anapanga ndi anthu ena. Koma imalowa oyilo wambiri. Mizere iyi imaziziritsa oyilo. Galimoto sidzavutikanso pachitunda."

"Yakale ili bwino," anatero Dufie.

"Yakale yatopa."

"Sinatope."

A Oteng sanatsutse. Anatulutsa kanthu kena kakuda ka mphira. Kanali kopyapyala ngati lamba.

"Iyi ndi gasiketi," anatero. "Imakhala pakati pa sampu ndi giyabokosi. Popanda iyi, oyilo yense atayika."

Dufie anayang'ana kumbali. Koma anamva.

Amayi anali atasanja mabokosi a matimati pakhonde. Matimati anali akupsa bwino.

"A Oteng, itheka lero ntchitoyi?" anafunsa amayi. "Ogula akundidikira."

"Itheka. Dzuwa lisanafike pamutu, tikhala tili panjira."

A Oteng anakweza galimoto ndi jeke. Anaichirikiza ndi miyala. Analowa kunsi ndi sipanala. Anamasula mabawuti. Oyilo wofiira anatsikira m'ndowa. Kenako sampu yakale inatuluka. A Oteng anaikankhira pambali, padothi.

Nkhuku inabwera. Inakwera pa sampu ya bambo ake. Inaponda zigamba zija.

Dufie anayang'ana kunsi kwa galimoto. Anaona mapazi okha a a Oteng. Anayang'ana katoni. Anaona gasiketi.

"Ikasowa, abwezera yakale," anaganiza choncho.

Anaitenga. Anathamangira kuseri kwa nyumba. Anaibisa padenga la khola la nkhuku.

A Oteng anatuluka kunsi kwa galimoto. Anapisa dzanja mukatoni. Anagwedeza katoni. Anayang'ana pansi. Anayang'ana m'ndowa. Gasiketi panalibe.

"Bwezerani yakale," anatero Dufie.

A Oteng anatola tizidutswa takuda padothi. Anamuonetsa.

"Iyi ndi gasiketi yakale," anatero. "Yang'ambika pochotsa. Sampu yakale singabwerere. Yatsopano singalowe."

Anamuyang'ana Dufie. Anamuyang'ana nthawi yaitali. Dufie anayang'ana zala za kumapazi kwake.

Amayi anabwera. "Chavuta n'chiyani?"

"Gasiketi yasowa."

"Yasowa bwanji? Yamera miyendo?"

"Ndaitaya ine," anatero a Oteng. "Mwina inagwa mu minibasi dzulo. Ndikafuna ina ku Suame."

Anasamba m'manja. Anapita.

Dzuwa linakwera. Dzuwa linatentha. Matimati anayamba kufewa. Ntchentche zinabwera. Amayi anaphimba mabokosi ndi nsalu zonyowa. Ntchentche sizinachoke.

Mayi Gyamfua anadutsa pa lole. Nawonso ankagulitsa matimati. Anatulutsa mutu pawindo.

"Asisi, amuna anu si amakaniko kodi?" anafunsa. "Nanga galimoto ikutani pamiyala? Mudya matimati mpaka mufiire."

Lole inapita. Amayi anangoluma mlomo.

A Oteng anabwera madzulo. Anabwera chimanjamanja.

"Za mtundu uwu zatha," anatero. "Akuti zibwera sabata yamawa."

"Sabata yamawa?" anatero amayi. "Matimati amadziwa sabata yamawa?"



"Malemu bambo ake a Dufie analibe zinthu zonyezimira," anatero amayi. "Koma sankataya zinthu. Galimoto inkadontha, inde. Koma inkayenda."

Dufie anamva mawu onsewo. Kale ankafuna kumva mawu otere. Ankafuna kwambiri. Koma lero sanamukomere.

Amayi anasinja fufu, nsima ya chinangwa chophika. A Oteng sanadye. Anakakhala pafupi ndi galimoto. Anatenga sampu yakale ija. Anayamba kuitsuka ndi parafini.

Dufie anaima patsogolo pawo.

"Mukuitsukiranji?" anafunsa. "Si mwati yatopa?"

"Yatopa," anatero a Oteng. "Koma taona chigamba ichi. Taona ichinso. Amene anawotcherera apa sankathamanga. Ankaikonda galimoto yake."

"Anali bambo anga."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndikuitsuka. Ndi yako."

Dufie anatembenuka. Anapita kuseri kwa nyumba. Anakwera pamwala. Anatenga gasiketi padenga la khola. Inali ndi nthenga za nkhuku.

Sanapite kwa a Oteng. Anapita kwa amayi.

"Amayi, sanataye iwo. Ndinabisa ine."

Amayi anayang'ana gasiketi. Anayang'ana Dufie. Anayang'ana mabokosi a matimati.

"Iwe mwana iwe," anatero. "Ukuganiza kuti ndiwe wekha amene umawasowa bambo ako?"

Dufie analira. Amayi sanamutonthoze. Anatembenukira kwa a Oteng.

"Mumadziwa?"

"Ndimadziwa."

"Nanga osanena bwanji? Mwandisiya ndikunyozeni chonchi?"

"Mukanamukwapula," anatero a Oteng. "Ndiye akanadana nane mpaka kalekale."

Amayi analowa m'nyumba. Anatuluka ndi mbale ya fufu. Anaiika pamaondo pa a Oteng.

Kutacha, a Oteng anaitana Dufie.

"Manja anga sakukwana," anatero. "Udzandigwirire mabawuti."

Onse awiri analowa kunsi kwa galimoto. A Oteng anapukuta gasiketi. Anaiyala bwinobwino. Anakweza sampu yatsopano. Dufie ankawapatsira mabawuti, limodzilimodzi.

"Timange ili, kenako la uko," anatero a Oteng. "Ili, kenako la uko. Osalimbitsa kwambiri. Gasiketi ingaphwanyike."

Ili, kenako la uko. Ili, kenako la uko. Mabawuti onse analowa.

Anathira oyilo watsopano. Anatsitsa galimoto. Analiza injini. Dufie anagwada n'kusuzumira kunsi. Anadikira. Sipanagwe dontho.

Koma matimati ambiri anali atawola. Amayi anamupatsa Dufie ndowa.

"Owola utaye wekha," anatero. "Uwaone bwino."

Dufie anasankha. Abwino uku, owola uku. Ndowa inadzaza. Anakataya. Inadzazanso. Anakatayanso. Manja ake ananunkha. Sanadandaule.

Otsalawo anawakweza. Dufie anatenga sampu ya bambo ake. Anakaiika kunsi kwa bedi lake. Kenako anakwera galimoto. Amayi anakhala kuwindo. A Oteng anagwira chiwongolero. Dufie anakhala pakati.

Anafika pachitunda. Galimoto inakwera osavutika.

"Ikuyenda bwino," anatero amayi, chapansipansi.

Anaima pamsewu. Amayi anagula nthochi zootcha ndi mtedza. Anapatsa a Oteng. Anapatsa Dufie. Anamupukuta oyilo patsaya ndi nsonga ya nsalu yawo.

Dufie anadya. Maso ake analemera. Mutu wake unapendama. Unakatsamira pamkono wa a Oteng.

Amayi anafuna kumudzutsa.

"Musiyeni," ananong'ona a Oteng. "Galimoto iyi imasintha yokha magiya."

Ndipo sanasunthe mkonowo mpaka ku Kumasi.