Mabini Awiri a Bambo Merv

Lolemba madzulo, Tahnee anagoneka mwana wake Marli, natuluka kukakokera mabini awiri a zinyalala kumsewu. Sanali ake. Ake anali pambali pa nyumba, lina la chivundikiro chofiira, lina chachikasu, monga pakhomo lililonse mumsewu wa Corella. Awiri enawa anawapeza tsiku lomwe analowa m'nyumba ya lendiyo, akalekale, ofwifwa ndi dzuwa, atatseka kanjira kopita kuseri.

Bronwyn, mayi woyang'anira nyumbayo m'malo mwa eni ake, anali atachenjeza kale. Lachisanu adzabwera kudzayendera, ndipo akadzawapeza ali pompo, za kuwonjezera chaka china cha lendi aiwale. Tahnee anasaka nyumba miyezi isanu, akugona ndi mwana pabalaza kwa mkulu wake. Kubwereranso kumeneko sankafuna n'komwe. Mwamuna wake Corey anali kumgodi, ndipo sabwera mpaka mwezi utatha.

A kampani yotenga zinyalala anamuuza pafoni kuti kalole kochotsa mabini osafunika kamayenda Lachiwiri m'mawa basi. Awasiye kumsewu, opanda kanthu, zivundikiro zotsekula. Sabata yapitayo anachita zomwezo, koma kutacha anawapeza atabwerera pamalo pake, otseka bwinobwino, ndipo dalaivala analemba kuti sanapeze kanthu.

Tsiku limenelo anafunsa a Raelene, mayi wachikulire wa kutsidya kwa msewu.

"Kodi ndinu munandilowetsera mabini?"

"Ine? Ndi bondo langali? Bini langa lomwe ndimachita kulinyengerera."

Anaseka, koma maso awo anali pa kanjira kaja.

Ndiye usiku uwu Tahnee anati aone yekha. Anakhoma loko pa geti la kanjirako, kiyi n'kuika m'thumba. Anazimitsa magetsi, nakhala pafupi ndi zenera. Kunkatentha. Msewu wonse unali mbee, popeza mabini amatuluka Lachitatu madzulo. Ake awiri okhawo ndiwo anaima pansi pa getsi la mumsewu, atayasama.

Anadzuka kukaona mwana. Anabwerera. Anamwa madzi. Anapitanso kukaona mwana.

Itadutsa thu koloko, anamva chivundikiro chikutsekedwa. Pang'onopang'ono, ngati munthu woopa kudzutsa anzake. Kenako chachiwiri. Kenako matayala pa phula: gududu, gududu.

Anali bambo wokalamba, wamtali, wowerama pang'ono. Kabudula wa khaki, masokosi okokera mpaka m'mawondo, chipewa kumutu ngakhale kunali usiku. Ankakoka bini limodzi dzanja ili, lina dzanja ilo, osafulumira. Getsi la pakhonde, lomwe limayaka lokha ngakhale mphaka akadutsa, silinayake.

Tahnee anatsekula chitseko chamkati, chakunja chawaya n'kuchisiya chokiya.

"Pepani bambo, asiyeni konko. Akubwera kudzawatenga m'mawa."

Bamboyo anaima. Nkhope sanadzutse.

"Lero ndi Lolemba, mwanawe."

"Ndikudziwa, koma a kampani anati..."

"Mabini ndi Lachitatu. Pakhomo pano sitichititsa msewu manyazi."

Mawu ake anali ofatsa, ngati a munthu woyankhula ali pakhomo pake. Anayenda mpaka pa geti, nalikankha ndi bondo. Linatseguka. Tahnee anapisa m'thumba. Kiyi analimo.

Marli analira kuchipinda. Mayiyo anathamangirako, namunyamula, nakhala naye pansi kuseri kwa chitseko mpaka kunja kunayera. Pamene analimba mtima n'kutuluka, anangoona kumbuyo kwa kalole kaja kakukhota pakona. Mabini anali pamalo pake. Loko anali wokhoma.

A Raelene ankathirira maluwa. Atamva za masokosi aja, anatseka mpopi, natsitsa mawu.

"Ameneyo ndi Merv. Anakhala m'nyumba yakoyo zaka makumi atatu. Ukaiwala bini lako, amakutulutsira. Ukachedwa kulilowetsa, amakulowetsera, kwinaku akukunena kuti ndiwe mlesi. Ine anandinena mpaka ndinazolowera."

"Pano amakhala kuti?"

"Tinamupeza atamwalira pa kanjirako Lachinayi lina m'mawa, zaka ziwiri zapitazo, dzanja lili pa chogwirira cha bini. Chichokereni iye alowamo mabanja atatu. Palibe anakhudza mabini akewo."

"Ine akapanda kuchoka, ndichoka ndine."

"Ndiye achoke tsiku lake la mabini. Koma ndikanakhala iwe, ndikanamusiyira."

Tahnee anaimbanso kukampani. Anamupatsira uyu, uyu n'kumupatsira wina, nyimbo ikulira m'khutu, mwana akukoka tsitsi. Mtsikana wachinayi anapumira m'mwamba.

"Mayi, kawiri konse dalaivala wathu wayenda ulendo wachabe. Mukuwabisa kapena?"

"Mchemwali, ndithandizeni. Bwerani Lachinayi. Mudzandipeza nditawakhalira."

Mtsikanayo anaseka, navomera.

Lachitatu madzulo Tahnee anatulutsa ake awiri, akale aja sanawakhudze. Usiku anamva gududu, gududu, kulowera kumsewu. Sanasuzumire. Kutacha anawapeza anayi pamzere, zogwirira zitaloza kunyumba, pakati pa lililonse mpata wa mkono umodzi, monga malamulo amanenera. Anaima pomwepo ndi mwana m'manja, dzanja lina pa chivundikiro, mpaka kalole kanafika dzuwa lili pamutu. Atawakweza, pansi pa limodzi anaona dzina lolembedwa ndi penti yoyera: MERV.

Lachisanu Bronwyn anayenda m'kanjira kaja, nagwedeza mutu, natulutsa pepala la lendi. Miyezi khumi ndi iwiri. Tahnee anasaina, pepalalo n'kulimata pa firiji.

Lachitatu lotsatira anatulutsa mabini ake kukadali kowala, nagona msanga. Pakati pa usiku anadzidzimuka. Sanamve gududu. Anamva kaphokoso kakang'ono, tswii, tswii, kakuchoka pakhonde. Ankakadziwa. Ndi mmene limalirira tayala lakumanzere la kangolo kokankhiramo mwana.

Anapapasa mumdima. Marli anali m'kabedi kake, akupuma. Anasiya dzanja pamimba pa mwanayo osalichotsa.

M'bandakucha anamva chilole cha zinyalala chikuyamba kumtunda kwa msewu, chimkono chake chikunyamula mabini limodzilimodzi. Anatsekula chitseko. Kangolo kanali kumsewu, pamzere ndi mabini ake, chogwirira chitaloza kunyumba, mpata wa mkono umodzi, kadenga kake kotseka bwinobwino.

Anathamanga wosavala nsapato, nakakoka chilole chitatsala nyumba ziwiri. A Raelene anali pa geti lawo, kapu ya tiyi m'manja.

"Ndinakuuza," anatero motsitsa mawu. "Manja ake anazolowera kukoka. Kuyambira lero, chilichonse cha matayala chizigona m'nyumba. Ndipo mwanayo usamamugonekemo."

Tahnee analowetsa kangoloko mpaka kukhitchini, nakiya zitseko zonse ziwiri. Pa firiji panali pepala lija, dzina lake lili m'munsi. Chaka chinali chitangoyamba kumene.