Wochedwa Mphindi Khumi ndi Ziwiri

Nthawi inali itakwana hafu pasiti thu usiku pamene Mlezi anatuluka m'nyumba ya kafukufuku n'kuuyamba wa kwawo. Dzina limeneli anam'patsa ndi alamu ake. Ankati anthu onse amatchera mbewa misampha, koma iye yekha amaziyalira pogona, kuzimwetsa madzi, n'kulandirapo malipiro.

Mbewa zakezo zinalipo makumi anayi, m'chipinda chopanda zenera, chamdima usana ndi usiku. Iliyonse inali ndi kagudumu kothamangamo, ndipo makina ankalemba papepala nthawi imene kagudumuko kakuzungulira. A Dokotala, mayi amene anali bwana wake, ankafufuza wotchi imene ili m'thupi. Ngakhale mbewa isaone dzuwa, imadziwa nthawi yodzuka ndi yogona. Koma popanda kuwala kwa m'mawa koikonza, wotchiyo imasokera pang'onopang'ono: ya mbewa imafulumira, ya munthu imachedwa. N'chifukwa chake lamulo linali limodzi. M'chipindamo ankalowa Mlezi yekha, faifi koloko m'mawa, ndi tochi yofiira imene siisokoneza mbewa.

Tsopano kwa masabata atatu, usiku uliwonse magudumu onse ankaima nthawi imodzi, monga amachitira munthu akalowa. Ndipo kiyi ankasunga Mlezi.

"Zikachitikanso kamodzi, mudzandisiyire kiyi patebulo," a Dokotala anatero Lachisanu.

Mlezi anali ndi ana awiri ndipo bambo awo anapita ndi mphepo kalekale. Ntchito imeneyi sakanaitaya chifukwa cha mlandu wa eni. Loweruka madzulo anavundikira ndowa pakhomo la chipindacho, n'kukhalapo kudikira wolowa mobisayo. Sipanabwere ngakhale mphemvu. Mutu utayamba kugwa, anakumbuka kuti mng'ono wake amene anatsala ndi ana ayenera kulawirira kuntchito, choncho anangonyamuka.

Amene anagwirapo ntchito ya usiku amaidziwa nthawi imeneyi. Thupi limazizira ngakhale utavala juzi, ndipo miyendo imayenda yokha mwiniwake ali kwina. Anadutsa masitolo otseka, anadutsa pokwerera basi. Magetsi a mumsewu ankathera pamlatho, pamene pansi pake pamadutsa njanji.

Atafika pakati pa mlathowo anaona kadontho kofiira kutsogolo.

Anaganiza kuti ndi wanjinga. Koma nyali yofiira ya njinga imakhala kumbuyo, ndipo imapita. Iyi inkabwera.

Anaima. Anamvetsera.

Panalibe mgugu wa mapazi.

Kenako fungo linam'peza. Fungo la utuchi wonyowa, umene amayalira mbewa. Ananunkhiza malaya ake. Silinali lake...

Wobwerayo anali bambo wachikulire, wovala khoti loyera la masokedwe akale ndi majombo. Tochi anaiphimba theka ndi chikhatho, monga Mlezi anaphunzitsidwira. Kudzanja lophimbalo kunalibe chala chaching'ono.

"Mwanawe, ndachedwanso?"

Mlezi anabwerera m'mbuyo, koma bamboyo anapitiriza.

"Kumene ndikukhala kulibe zenera. Ndimangodzuka thupi likandiuza. Koma likundinamiza. Tsiku lililonse likundinamiza."

"Mu... mukupita kuti, bambo?"

"Botolo lachiwiri la mzere wachitatu limadontha. Uziliyang'ana."

Botolo limenelo linkadonthadi. Sanauzepo munthu.

Bamboyo anakweza tochi, ndipo kuwala kofiira kunagwera pankhope pake.

Maso anali otseka!

Ankayenda ali m'tulo. Ankalankhula ali m'tulo. Chifuwa sichinkakwera kapena kutsika.

"Usadandaule," anatero akum'dutsa. "Ndatsala pang'ono kukupeza. Tsiku lina tidzalowa limodzi."

Mphepo imene anasiya inali ngati ya mufiriji. Mlezi anati phazi thandize. Nsapato imodzi inatsalira pamlatho ndipo sanaibwerere.

Lolemba anapeza a Dokotala atayala kale pepala patebulo. Magudumu anaimanso usiku wa Loweruka uja, mphindi khumi ndi ziwiri itadutsa fili koloko. Mlezi anaika kiyi pambali pa pepalalo. Anali ndi mantha, komanso manyazi, chifukwa nkhani imene anali nayo si yonena kwa munthu wophunzira. Koma wakufa saopa kununkha. Anafotokoza zonse: khoti, majombo, botolo lodontha.

Atatchula za chala, a Dokotala anavula magalasi n'kukhala pansi.

"Dzanja lamanzere?"

"Lamanzere, mayi."

"Ndi bambo amene ankalera mbewa kuno ndili wophunzira. Kuphimba tochi kumene ndinakuphunzitsaniko, ndinakuphunzira kwa iwo." Anaika magalasiwo patebulo. "Nthawi imeneyo tinkawagwiritsa ntchito sabata ino usana, yamawa usiku, mpaka thupi lawo linasiya kudziwa chochita. Tsiku lina anagona akuyenda pamlatho paja, lole inawagunda. Papita zaka zisanu ndi zitatu. Ndinali nawo kumanda."

Kenako a Dokotala anatulutsa mapepala onse a masabata atatu, n'kuwayala motsatana, lina pansi pa linzake. Anali asanawaonepo pamodzi, chifukwa ankafunafuna wolakwa, osati nthawi. Malo amene magudumu ankaima anapanga mzere wopendekera kumanja, wowongoka ngati wojambula ndi rula. Tsiku loyamba, cha m'ma leveni koloko. Tsiku lililonse lotsatira, mochedwerako ndi mphindi khumi ndi ziwiri.

"Munthu wovala wotchi sachita chonchi," a Dokotala ananong'ona. "Iyi ndi wotchi ya m'thupi. Ya munthu amene sakuona dzuwa."

Anakankhira kiyi kwa Mlezi. "Pepani mayi. Ntchito ndi yanu."

Mtima wa Mlezi unakhala pansi, koma pang'ono pokha. Sukulu sanapite nayo patali, komabe kuwerenga ankatha. Anaika chala pamene mzerewo unathera, n'kumatsika nacho m'munsi mwa pepala, pamene panalibe cholembedwa, tsiku ndi tsiku. Chala chinaima pa faifi koloko.

"Lachiwiri la sabata yamawa," anatero.

A Dokotala anayang'ana pepala, kenako anayang'ana chitseko cha chipinda chopanda zenera chija kumapeto kwa khonde.

"Mudzabwera?"

"Nanga ana adya chiyani, mayi?"

Anatola kiyi n'kuuika m'thumba la khoti lake loyera, momwe munali tochi yofiira.