Mlendo wa Sikelo Yolakwika

Madzulo amenewo anayamba ngati Lachisanu lililonse. Mlamu wanga, mchimwene wake wa malemu mkazi wanga, anabwera ndi mabisiketi ake ozizira aja. Ine ndinatereka tiyi, tonse n'kulowa m'chipinda cha tebulo.

Chipindacho kale tinkagawana ndi mayi a ana. Iwo ankasoka pawindo, ine pakati ndi tebulo langa lodzaza mchenga. Mchengawo anandisefera okha ndi sefa ya kukhitchini, uku akundinena kuti bambo wa imvi akuseweretsa zidole. Kwathu ndinachokako ndili mnyamata, ndipo zaka zambiri ndinathera kumayiko a mchenga, ndikuyendetsa malole a kampani yokonza misewu. Nditapuma, chipululucho ndinachimanganso patebulo. Pali tiasilikali ta nkhondo yakale, akasinja, malole ndi ngamila, zonse zopenta ndekha. Timaponya madayisi n'kumaziyendetsa ndi rula.

Lamulo la tebulo langa ndi limodzi: sikelo. Zonse ndi 1 kwa 72: chidole chilichonse n'chochepa ka 72 poyerekeza ndi chenichenicho. Munthu timamuyeza kuyambira kuphazi kulekeza padiso, osati pamwamba pa mutu, chifukwa zipewa zimanama. Wanga aliyense ndi mamilimita 20. Ukangosakaniza, msilikali amaposa ngamila, kasinja n'kumaoneka ngati wilibala. Zimenezo ine zimandidwalitsa mutu.

Masewera ali mkati, ndinaona kanthu koyera kumapeto kwa tebulo, kuseri kwa mulu wa mchenga. Kanali kamunthu, kakang'ono ngati njere ya mpunga, kofunda nsalu mpaka kumutu, kopanda mfuti. Ndinakayeza. Mamilimita 6.

"Alamu, aka mwaika ndinu?"

"Ine? Maso angawa amalephera ndi nambala ya basi yomwe."

"Nanga kachokera kuti?"

"Mwina ndi mwana wa mmodzi mwa anyamata anuwa. Amuna akakhalitsa kutali ndi kwawo, inuyo mukudziwa bwino."

Sindinaseke. Ndinakatola ndi zikhadabo n'kukaponya m'chitini cha mabatani cha mayi a ana.

M'mawa ndinakapeza pamchenga. Kanali katasendera kutsogolo, ndipo kumbuyo kwake kunali timadontho pamzere, ngati mapazi. Rula inati 10. M'chitini munali mabatani okhaokha.

Ndinali ndikung'ung'udza pamene mwana wanga wamkazi analowa ndi majumbo a zogula.

"Adadi, mukuyankhula ndi ndani?"

"Ndi rula."

"Mapilitsi mwamwa?"

"Ndamwa, mayi."

Anandiyang'ana ndi diso la amayi ake. Mwezi wapitawo ndinali nditaiwala poto pamoto, utsi n'kudzaza nyumba yonse mpaka kwa anansi.

"Za poto zija tinakhululuka," anatero. "Chikachitikanso china, mukukakhala kwathu. Sitidzakambirananso."

Kwawoko ndimakudziwa. Kachipinda ka alendo kamangokwana bedi ndi mpando. Tebulo langa silingadutse n'pakhomo pomwe. Ndiye ndinatseka pakamwa. Mwana amene akukuwerengera mapilitsi sungamuuze kuti chidole chikuyenda.

Kamunthu kaja kanapitiriza. Ndikakachotsa madzulo, m'mawa kabwerera, katakula. Kanafika 15. Tsiku lina rula inati 20 ndendende, ataima pakati pa anyamata anga pafupi ndi chitsime, phewa ndi phewa. Ndinazindikira kuti ndasiya kunena kuti "kanthu aka", ndayamba kunena kuti "iyeyu". Tsiku limenelo ndinangotsala pang'ono kumukhululukira. Akanangoima pomwepo, ndikanamupentera nsapato n'kumupatsa ngamila.

Sanaime. Pa 28 mutu wake unalingana ndi denga la lole. Kenako anafika 54, ngamila zanga n'kumaoneka ngati mbuzi pambali pake. Milu ya mchenga imene ndinaiumba miyezi yambiri inasanduka zulu za chiswe. Ntchito yonse ya manja anga inaoneka ngati masewera a ana a mkaka. Ndinamutsekera m'bokosi la zipangizo. Ndinamukulunga m'nyuzipepala n'kukamuponya m'bini ya kunja, galimoto ya zinyalala n'kunyamula ine ndikuona. M'mawa anali pamchenga.

Pali chinthu china chimene osewera onse amadziwa. Tiasilikali tating'ono sitipenta maso. Umangodutsitsa burashi ya utoto wakuda pansi pa chipewa, mthunziwo n'kukwanira. Pomuyeza iyeyu ndinkangoyerekeza pamene diso lingakhale. Koma atafika 54, kuyerekeza kunali ulesi. Ndinatenga singano n'kutukula m'mphepete mwa nsalu ya kumutu. Inatukuka. Chidole cha chitsulo nsalu yake situkuka.

Maso analipo. Anali ofiira ndi fumbi, ndiponso onyowa. Sankayang'ana rula.

Lachisanu lotsatira ndinamuonetsa mlamu. Mkulu ameneyu anali wojambula zithunzi moyo wake wonse, ndipo sayang'ana chinthu ali chiimire. Anagwada movutikira, n'kuika diso m'mphepete mwa tebulo. Anayang'ana mzere wa mapazi uja, kuchokera ku timadontho ta kumapeto mpaka pa zidindo zazikulu ngati chala chamanthu.

"Alamu, inu munakhalako kuchipululu. Munthu akamabwera wapansi kuchokera kutali, amayamba kuoneka bwanji?"

"Ngati kadontho."

"Kenako?"

Ndinayang'ananso mzere wa mapazi uja.

"Sakukula uyu," anatero. "Akubwera."

"Akubwera kudzatani? Patebulo panga pali lamulo."

"Mukamuuze nokha." Anadzuka akugwira bondo. "Tiyeni mukagone kwathu."

"Kuti mawa mwana wanga amve zoti ndathawa chidole? Akhala atabweretsa lole dzuwa lisanalowe."

Anasiya tiyi wosamwa. Kwa mlamu wanga zimenezo sizinachitikepo.

Usikuwo ndinasuzumira m'chipindamo ndisanagone. Pamchenga panalibe mlendo. Mapazi anafika m'mphepete mwenimweni mwa tebulo n'kuthera pomwepo. Ndinayang'ana pansi pa tebulo, kuseri kwa katani, pansi pa mpando wa mayi a ana. Palibe. Ndinazimitsa nyali, n'kukiya chitseko, kiyi n'kuika m'thumba.

Ndinadzidzimuka pakati pa usiku. Wina ankagogoda.

Ndinapita kuchitseko cha kunja, ndikukonza kale mawu omuuza mlamu. Pakhonde panalibe munthu. Kugogodako kunamvekanso, kumbuyo kwanga. Kunkachokera m'chipinda cha tebulo, mkati.

Pansi pa chitsekocho pankatuluka kuwala. Sikunali kwa nyali yanga. Kunali koyera, kotentha, kwa dzuwa la masana limene ndinalidziwa zaka zonse zija. Mchenga unkalowa m'kanjira pang'onopang'ono, ngati ukukankhidwa ndi mphepo. Ndinauponda. Unandiwotcha phazi.

Go, go, go. Osati pansi, pamene chidole chingafike. Pamwamba, pamene munthu amagogoda.

"Iwe," ndinatero, "chipinda chimenecho n'cha 1 kwa 72. Sukwanamo."

Anatsokomola. Chifuwa chouma, cha munthu amene wayenda masiku osamwa madzi.

M'kuwala kuja munali mithunzi iwiri ya mapazi. Rula inali m'thumba la malaya ogonera, ndipo dzanja linaitenga lokha. Ndinagwada n'kuiyala pansi. Phazi lake linali lalikulu ngati langa. 1 kwa 1.

Chogwirira chitseko chinatsika, n'kukweranso.

Foni inali m'dzanja linalo, chala chili pabatani loimbira mwana wanga. Ndinkadziwa mtengo wake wa batani limenelo. Ndikalidina, tebulo lapita, mchenga wa mayi a ana wapita, Lachisanu lapita. Ndinaima pamenepo ndikutukwana chamumtima, mchenga ukukwera m'zala za kumapazi. Kenako matabwa a chitseko analira, ngati wina wawatsamira ndi phewa.

Ndinadina.

Mwana wanga ndi mwamuna wake anandipeza kukucha nditakhala pamasitepe a kunja, wopanda nsapato, rula ili m'manja. Mkamwini anatenga kiyi n'kutsekula. Munalibe munthu. Tiasilikali tonse tinali m'malo mwake. Botolo la madzi otsukira burashi, akuda ndi utoto, linali louma gwa.

Mwana wanga anayang'ana mchenga wa m'kanjira, kenako mapazi anga.

"Adadi, longedzani."

Tebulo analidula ndi sowo kuti lituluke. Mchenga anautaya m'matumba. Anyamata anga tsopano amagona m'mabokosi a nsapato pansi pa bedi, akasinja pamodzi ndi ngamila, mopanda dongosolo. Anansi akale amati mdala uja mutu unayamba kuyenda. Mayi wa nyumba ya pansi yekha ndiye amanong'oneza kuti usikuwo anamva anthu awiri akuyenda pamwamba pake.

Mlamu amabwerabe Lachisanu, timakhala pabedi ngati odwala. Sabata yatha anadikira mwana wanga atuluke kaye.

"Ndinadutsa kunyumba kuja. Alowamo ena, banja la ana awiri. Akuti akusamuka."

"Mchenga?"

"Amasesa m'mawa uliwonse. Koma chawathawitsa n'kugogoda. Akuti poyamba kunkamveka pachitseko. Kenako pamwamba pa chitseko. Tsopano chimunthucho chikugogoda kudenga."

"Sizingatheke," ndinatero. "Ndinamuyeza ndekha. Anali atafika."

Mlamu anaviika bisiketi m'tiyi, osandiyang'ana.

"Anakuuzani ndani kuti sikelo imathera pa 1 kwa 1?"