Khola la Nachanza Likugwedera

Ramla amakhala ku Ngokwe. Ali ndi mbuzi yake. Dzina lake ndi Nachanza.

Nachanza amagona pansi. Mvula ikagwa, amagona m'matope. Ziboda zake zimachita zilonda. Ramla akamuona akutsimphina, mtima umamuwawa.

"Ababa, Nachanza akufuna khola la m'mwamba," anatero Ramla.

"Timanga," anatero bambo ake, a Latifu.

A Latifu anaumba zipilala zinayi za simenti. Anaumbira m'ndowa. Zipilala zinauma. Anaziimika pabwalo, chimodzi pangodya iliyonse.

Amalume Ganizani ndi kalipentala. Anakhoma felemu ya matabwa, yoti ikhale pansi pa khola. Felemuyo inali yolemera zedi.

Kumwamba kunayamba kuda.

"Bisimila, tinyamule!" anatero a Latifu.

Ananyamula. Anayenda pang'onopang'ono. Anaikhazika pa zipilala.

Ramla anakwerapo. Felemu inati gwede! Anaponda uku, gwede! Anaponda uko, gwede!

"Matabwa anuwa ndi okhota, alamu," anatero a Latifu.

"Iyayi, matabwa anga ali bwino," anatero amalume.

Akuluakulu akayamba kukangana, sayang'ananso pansi. Ramla ndiye anagwada. Anasuzumira. Zipilala zitatu zinagunda felemu. Chimodzi sichinagunde.

"Ababa, ichi n'chachifupi!"

Amayi anaseka. "Tsiku limene mumaumba ichi lija, ndowa yaikulu ndinapita nayo kumjigo. Inu munaumbira yaing'ono."

A Latifu anangokanda m'mutu.

"Tiikepo kathabwa," anatero amalume.

"Chiswe chidya," anatero amayi.

Anaikapo chibenthu cha njerwa. Njerwa inaphwanyika. Anaikapo mwala. Mwala unali wobulungira, unagubuduzika.

Mvula inayamba kudontha. Nachanza analira, "Mee!"

Ramla anagwira thumba la diresi lake. M'menemo munali mwala wake wosewerera phada. Unali wafulati. Unali wosalala. Ndi mwala umenewo, palibe mnzake ankamuposa. Ramla ankaukonda kwambiri.

Anayang'ana mwala. Anayang'ana Nachanza.

"Tayesani uwu," anatero.

"Ukalowa sutulukanso, mwanangu," anatero a Latifu.

"Ndikudziwa, ababa."

Amalume anatukula ngodya. Ramla analowetsa mwala. Amalume anatsitsa.

Ramla anakwerapo. Anaponda uku, zii. Anaponda uko, zii. Analumpha. Felemu sinagwedere.

Mvula ija inangowaza, n'kupita. Amalume anakhoma matabwa opondapo. Anakhoma zipupa ndi makwerero. A Latifu anafolera denga.

Khola litatha, chimvula chinabwera. Pabwalo ponse panali matope. Banja lonse linaima pakhonde.

Ramla anayang'ana kukhola. Nachanza anali m'mwamba, akubzikula. Ziboda zake zinali zouma.

"Nanga phada usewera ndi chiyani?" anafunsa amayi.

"Ndi mwala wina uliwonse," anatero Ramla. "Anzanga apambaneko nawonso."