Nyale ya Pansi pa Galimoto

Gerevazio ananyamuka pa boma la Dedza dzuwa litalowa kale, batire atalimanga ndi zingwe pakaliyala wa njinga. Makaniko wa pagalaja anachedwa kulitchaja, ndipo pomupatsa anangoti, "Batire ndi labwino ili. Vuto lili kwanu komweko."

Aka kanali kachinayi mwezi womwewo wa Juni 1957. Galimoto yake ya bokosibode, imene anaigula motchipa atangobwera kuchokera ku Halale, inali ndi khalidwe loipa. Ukaiika batire lodzaza, inkalira bwino. Ikagona masiku awiri, zii, ngakhale upukuse hendulo mpaka phewa kuwawa. Anthu a ku Chongoni ankaseka kuti mkamwini wagula khola la nkhuku la matayala. Koma Gerevazio sankaseka nawo. Mkazi wake Falesi anali wotopa, ndipo azamba a kufupi ndi Mayani, a Filomena, anali atanena kuti mwana wagona chopingasa. Matenda akangoyamba, athamangire naye kuchipatala, apo ayi ataya onse awiri.

Batire ndi chinthu cholemera, choncho njingayo ankangoikankha. Nkhungu inatsika kuchokera kuphiri, kuzizira kukulowa m'mafupa. Atadutsa mitengo ya paini, njira inakhotera m'mbali mwa manda. Anayamba kuimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi, koma sanaimalize.

Panamveka fungo la oyilo.

Anaima. Kumbuyo kwake, mapazi ena anaimanso.

"Mwalemedwa, achimwene."

Anali munthu wamtali wovala ovolosi, dzanja limodzi atagwira pachifuwa. Kupuma kwake kunkalira ngati mpope wanjinga wobooka. Nkhope sinkaoneka bwino.

"Ndikupita kwathu," anatero Gerevazio. "Batire langa likumatha moto."

"Batire mukulinamizira. Pali chimene chikumwa moto usiku. Mukaliika, chingwe chimodzi musamange. Muchikhudzitse mumdima, makiyi mutachotsa. Chikathetheka, wakuba alipo."

"Ndinu amakaniko?"

"Mukachotse mafyuzi limodzilimodzi. Chikapitiriza kuthetheka, mulowe pansi." Munthuyo anatsokomola, chifuwa chikuphwanyika mkati ngati nkhuni zouma. "Mukandizimitsire nyale, achimwene. Ikundithobwa m'maso. Sindikugona."

Gerevazio anayang'ana uku ndi uku. Panalibe nyale paliponse. Mdima wokhawokha.

Potembenuka... panalibe munthu!

Fungo lokha. Ndi mitumbira.

Mmene anafikira kunyumba sakudziwa mpaka lero. Malaya anali atanyowa ndi thukuta m'chisanu chonsecho. Anafuna kulowa m'nyumba n'kudzifunditsa bulangete kumutu, koma anamva Falesi akubuula potembenuka pamphasa, ndipo mantha otaya mkazi wake anaposa mantha a kumanda.

Anaika batire. Makiyi ali m'thumba, anakhudzitsa chingwe.

Kamoto kabuluu kanathetheka.

Anachotsa fyuzi yoyamba. Kanathetheka. Yachiwiri. Kanathethekabe. Kale lonse iye ankaika batire masana, dzuwa likuswa mtengo, ndipo kamoto kakang'ono chotero sakanakaona. Atapapasa ndi zala kuseri kwa batire, anapeza kawaya kowonda kamene sikankapita ku fyuzi iliyonse. Kankatsikira pansi. Anamanga chingwe chija, n'kugona chagada, n'kukwawa.

Pansi pa galimoto, pakati pa zitsulo, panali chibuma cha matope ouma. Chinali chofunda. Anachikanda ndi chikhadabo.

Kuwala!

Kababu kakang'ono, kakuyaka, komangiriridwa kuchitsulo ndi kansalu kamizeremizere. Pambali pake chitsulo chinali chopindika, ndipo wina amene anapenta galimotoyo pamenepo anapadumpha. Gerevazio anamva kupuma kuja pafupi ndi khutu lake. Sanacheuke. Anadula wayayo ndi mpeni.

Mdima. Wina anausa moyo, motalika, ngati munthu amene watula katundu. Kenako bata. Anamasula kababuko ndi kansalu kake n'kukaika m'thumba.

Matenda anayamba m'bandakucha wa tsiku lachitatu, galimoto itagona masiku onsewo osaigwira. A Filomena anali atabwera dzulo lake kudzadikirira. Anamugoneka Falesi kumbuyo pamatiresi a udzu, mayi ake atamugwira mutu. Gerevazio anakhala pachiwongolero. Masiku ena onse, pofika tsiku lachitatu batire likanakhala litafa.

Anatembenuza makiyi, n'kudina batani lolizira injini. Injini inalira kamodzi n'kamodzi.

Mwanayo anabadwa cha m'ma teni koloko, wamkazi, madokotala atachita kung'amba. Namwino ananena mosabisa kuti akanachedwa ola limodzi, bwenzi akukambirana za mabokosi. Gerevazio anakhala pakhonde la chipatala n'kulira ngati mwana, osachita manyazi. Potulutsa mpango wopukutira misozi, kababu kaja kanagwa kuchokera m'thumba pamodzi ndi kansalu kake.

A Filomena anakatola. Anakayang'ana nthawi yaitali.

"Mwakatenga kuti aka, bambo?"

Anawafotokozera zonse: manda, ovolosi, chifuwa cholira. Mayiwo anakhala pansi pasimenti.

"Nsaluyi ndi ya mpango wanga. Ndinang'ambira mlongo wanga Alufeo, amene ankayendetsa galimoto yonyamula matabwa. Ankaikonza usiku chifukwa masana bwana sankamupatsa mpata, ndiye anadzilumikizira kanyale pansipo. Kani galimoto yanuyi ndi yomwe ija, angoisintha utoto." Anatambasula kansaluko pabondo. "Jeke inaterereka, galimoto n'kumugwera pachifuwa. Tinamuika m'manda munadutsa aja, chaka chino n'chachinayi. Mwini galimotoyo anachotsa batire n'kuisiya pamiyala, poti panalibe wofuna kuiyendetsa."

Gerevazio anafunsa ndi mawu otsika kuti bwanji nanga sanaizimitse nyaleyo.

"Tinamukoka miyendo nyale ikuyaka, maso ake ali pomwepo," anatero a Filomena, akupinda kansaluko m'manja. "Panalibe amene analimba mtima kubwereranso pansipo."