Tizitsulo ta pa Matayala

Chipulumutso anaima ndi ndowa m'manja, madzi akumudonthera kumapazi. Ankatsuka galimoto ya achimwene ake, Abednego, yomwe mawa lake inkapita ku chinkhoswe ku Nathenje. Koma china chake sichinali bwino. Tayala la chipsera cha penti yoyera, lomwe linkakhala kutsogolo, tsopano linali kumbuyo. Atawerama anaonanso tizitsulo totuwa, tangati nthanga za maungu, titakanirira m'mphepete mwa malimu a matayala onse.

"Achimwene, galimotoyi inali kuti dzulo?"

"Kwa Lackson ku Nathenje. Mvula yayandikira," anayankha Abednego uku akusita malaya, osacheuka n'komwe.

Chipulumutso anatula ndowa pansi. Lackson! Ndani pa Mitundu sankadziwa kuti wokonza matayalayo anafunsirapo Masozi n'kukanidwa? Ndipo Masozi yemweyo ndiye ankatomeredwa ndi Abednego. Nanga mvula ikugwirizana bwanji ndi tizitsulo tobisika? Awa anali mankhwala basi, otchera kuti mwamuna asakafike. Anatenga mpeni, n'kutizula tonse, n'kutimanga pamfundo ya chitenje. Sanauze munthu. Chinsinsicho chinkamukomera, poti iye yekha ndiye anapulumutsa chikondi cha anthu awiri.

Mawa lake ananyamuka, amalume awo a Jeremiah, omwe anali nkhoswe, atakhala kutsogolo. M'msewu wafumbi zonse zinali bwino. Atangoponda tala n'kuwonjezera liwiro, chiwongolero chinayamba kunjenjemera mpaka magalasi a amalume anatsetserekera kumphuno.

"Iwe Abedi, wamwa chiyani m'mawa uno?"

"Tiyi yekha, amalume! Dzana lomweli imayenda ngati pamphasa."

Chipulumutso anagwira mfundo ya chitenje. Mankhwala aja anawachotsa, nanga ichi n'chiyani? Kodi kena kanatsalira? Kapena mankhwalawo akwiya chifukwa wakwera nawo m'galimoto?

Abednego anachepetsa liwiro, njinga zakabaza zikuwapitirira. Foni ya amalume inalira. Atamvetsera, nkhope inagwa.

"Akuti kuchikazi ayamba kunong'ona kuti mwamuna wasintha maganizo. Masozi wadzitsekera m'nyumba."

"Tidutsire kwa Lackson," anatero Abednego. "Sindingaike miyoyo yanu pangozi."

"Ayi, kumeneko ayi!" anakuwa Chipulumutso. Onse anamuyang'ana, koma Abednego analunjikabe kwa Lackson.

Lackson anawalandira akupukuta manja pa ovolosi. Anagwada, n'kuyendetsa chala m'mphepete mwa limu.

"Aise, wandibera ndani timitovu tanga? Tayala silikhala lolemera mofanana mbali zonse. Timeneti ndi tomwe timalilinganiza kuti lisamavine."

"Nanga munasinthiranji matayala?" anafunsa Chipulumutso.

"Akutsogolo amatha msanga, chemwali. Dzinja lisanafike timawasinthanitsa kuti azitha mofanana. Apo ayi matope a ku Mitundu adzakugonekani m'ngalande."

Chipulumutso anamasula mfundo ija pang'onopang'ono. Tizitsulo tinagwera pasimenti, kena n'kugubudukira kuphazi kwa amalume.

"Ndimayesa ndi mankhwala. Poti inu ndi a Masozi..."

Lackson anaseka mpaka kukhala pansi. "Ine? Mkazi wanga ali uko akugulitsa tomato, mwana kumbuyo. Ndilodze kasitomala, ndidya chiyani?"

Abednego sanaseke. "Tibwezeretsemo msanga."

"Sitingangomata paliponse. Tayala lililonse likwere pamakina, ationetse polemera."

Chipulumutso anaonerera matayala akuzungulira limodzi limodzi, dzuwa likupendeka, foni ikulira osaleka. Amalume anayesa kufotokoza, koma kuchikazi anangoti nkhani za matayala azimva kale kwa amuna ambiri.

Anafika zakudya zitazizira, oyimba atakhala pansi pa mtengo wa mango. Khomo la Masozi linali lotsekabe. Azimayi anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, popanda wolonjera. Abednego anakonza kolala, n'kuyamba kulowera kukhomoko, koma Chipulumutso anamugwira dzanja.

"Dikirani, achimwene. Inu sakukhulupirirani."

Anadutsa pakati pa anthu onsewo, n'kugogoda.

"Alamu, ndine Chipulumutso. Achimwene sanathawe. Ndawachedwetsa ndine, ndipo mukamva chifukwa chake mundiseka mpaka tsiku la ukwati."

Kenako loko analira, chitseko n'kutseguka pang'ono. Masozi anasuzumira, maso ali ofiira.

"Lowa," anatero. "Uyambe kundiseketsako, ndalira mokwanira."