Goloboyi Amene Sankanyamula Mwana Wake

Ambrose anali goloboyi wa timu ya kwa Nsamala, ndipo anali wosauka moti ngakhale malaya osewerera mpira anali obwereka. Masiku amenewo, dziko lino likadali Nyasalandi, iye ankalima thonje pa kamunda ka apongozi ake, ndipo kangachepe komwe ankapeza kankathera ku msonkho. Mkazi wake Sabina anali atangochira mwana wamkazi, Martina, ndipo khandalo linkafunda chidutswa cha nsalu yakale ya amake.

Chaka ndi chaka anthu akakolola, timu yopambana ligi ya dera la Balaka ndi Liwonde inkakumana ndi timu yotenga chikho. Eni masitolo ndi eni minda ya fodya ankabwera kudzaonera, ndipo wosewera bwino tsiku limenelo ankachoka pabwalo ali ndi ntchito ndi mphatso. Hudson, mnzake wa Ambrose kuyambira ubwana, anagoletsako chigoli chaka china. Tsopano ankavala nsapato, ndipo akamadutsa pakhomo pa Ambrose ankaliza belu la njinga yake popanda munthu mumsewu. Belulo linkamulira Ambrose m'mutu mpaka kumunda.

Chaka chimene a kwa Nsamala anatenga chikho, Ambrose ananyamuka osauza mkazi wake, napita kwa a Jimu, sing'anga wa kufupi ndi kwa Phalula. Anawapeza masana akusoka mphasa pamthunzi. Sanamufunse chomwe wadzera. Anangomugwira manja, nawatembenuza ngati munthu wogula nsomba.

"Manja abwino awa, achimwene. Nditha kuwakonza kuti chilichonse cholowamo chisatulukenso, kaya mpira, kaya chuma. Koma manja amanyamula katundu mmodzi. Muli ndi mwana?"

Ambrose anadzidzimuka, nanena kuti ngati mankhwalawo afuna moyo wa mwana wake, bola abwerere.

"Iyayi, ine sinditenga mwana wa munthu," anatero a Jimu akumwetulira. "Mwana akhala wanu ndithu. Kungoti musadzamugwire. Tsiku lomwe manja awa adzamukhudze, zonse zimene agwira zidzagwa."

Ambrose anaganiza kuti ndi chinthu chochepa. Mwana ali ndi amake, ali ndi msana womuberekera. Anatambasula manja, a Jimu namutema mphini m'zikhatho.

Masewerowo anachitikira ku Balaka, ndipo anthu akale ankawasimbabe. Mpira unkachita ngati ukumufunafuna Ambrose. Wam'mwamba, wapansi, ngakhale penate, yonse inathera m'manja mwake. Mwini sitolo wina anamulemba ntchito tsiku lomwelo. Pasanapite nthawi anagula njinga, kenako makina osokera, kenako anatsegula kantini yakeyake pafupi ndi siteshoni ya sitima. Hudson anasiya kuliza belu.

Koma kunyumba kunali mwambo wotenga mwana, pamene bambo amalandira khanda m'manja mwake kuti lilimbe. Sabina atabwera nalo, Ambrose anabisa manja kumbuyo, nati atopa. Mawa lake anati manja akupweteka. Azakhali a Sabina, a Ida, anamuitanira kuseri kwa nkhokwe ndi kumufunsa mosabisa ngati anayenda kunja pomwe mkazi wake anali m'chikuta, pakuti mwamuna woopa kugwira khanda lake amakhala kuti akudziwa chimene anachita. Ambrose anangozyolika. Kuvomera chigololo chimene sanachite kunamupepukira kuposa kunena zoona. Mudzi wonse unamva, ndipo Sabina ankapita kuchitsime ena onse atatunga kale.

Martina anakula ndithu, kamtsikana kosekaseka. Atayamba kuyenda, ankathamangira abambo ake akamafika panjinga, timanja tili m'mwamba. Ambrose ankabwerera m'mbuyo, manja kumsana, namuponyera switi pansi ngati wodyetsa nkhuku. Tsiku lina mwanayo anagwa pakhonde, nachekeka mlomo pamapazi a abambo ake penipeni. Ambrose anangoima akuitana amake.

Sabina anamunyamula, napukuta magaziwo, kenako anafunsa motsitsa mawu, "Abambo a Martina, mwanayu anakulakwirani chiyani?"

Ambrose analowa m'nyumba. Mumtima ankadziuza kuti akangomanga nyumba ya malata, adzamunyamula mwanayo tsiku lonse, zigwe zimene zingagwe. Nyumba ya malata itamangidwa, anati adikire agule ngolo. Martina anasiya kukweza manja. Akaona abambo ake ankangoima chapatali, naye timanja kumsana, kutsanzira.

Chaka china a kwa Nsamala anapambana ligi, ndipo masewero a pachaka aja anaikidwa ku Liwonde, tsidya lina la Shire. Mudzi wonse unapita. Sabina anamuveka Martina diresi latsopano kuti akaone abambo ake akusewera. Anthu anadzadza m'bwato lalikulu lowolotsa, akuimba nyimbo zotama manja a Ambrose, ndipo iye anakhala m'mphepete, mwana ataima pambali pake.

Ali pakati pa mtsinje, anyamata ovina anapendeketsa bwato. Martina anaterereka. Anagwa pang'onopang'ono, pafupi kwambiri moti diresi lake linakhudza bondo la abambo ake, ndipo kwa nthawi yoyamba patapita miyezi yambiri anatambasula timanja take kwa iwo. Manja a Ambrose, amene sanaphonyepo mpira, anathawira okha kumsana monga anazolowera. Pamene ankawabweza, anagwira madzi.

Hudson ndi opalasa bwato anadumphira mumtsinje, koma Shire anali wodzadza. Nyimbo inatha. Palibe amene anamukalipira Ambrose. Anthu onse anali ataona, ndipo ankangoyang'ana manja akewo.

Mwanayo anapezeka m'mabango kumunsi. Pamaliro Ambrose anapempha kuti anyamule yekha kamtembo, ndipo Sabina anamulola. Imeneyo ndiyo inali nthawi yoyamba kudziwa kulemera kwa mwana wake. Ali chinyamulire, anaulula zonse pamaso pa anthu. Kantini inapsa mwezi womwewo, njinga ndi makina zinapita, koma iye sanafunseko n'komwe. Sabina anatsala kwa amake, ndipo patapita zaka anakwatiwa ndi munthu wina wofatsa. Ambrose ankangoyendayenda pamsika wa Balaka, manja atatambasula kutsogolo, akuwerama pang'ono ngati munthu wolandira mwana amene akumuthamangira.

Umbombo subwera ndi mpeni nthawi zonse. Nthawi zina umangopempha kanthu kooneka kochepa, n'kumakuphunzitsa tsiku ndi tsiku mpaka thupi lako lizolowere kukana chimene umachikonda. Chuma cha mankhwala chimalipiridwa ndi chomwe sichigulidwanso. Bambo amene muli ndi mwana, ngakhale akufunda chidutswa cha nsalu yakale, mukafika pakhomo lero iye n'kukweza manja, tulani zonse zimene mwanyamula, mumunyamule.